Tukuyu wa Agogo ndi Langenburg wa M'buku

Kuno ku Ngara, mvula yoyamba ikangotsuka utsi wa m'chilimwe, mapiri a kutsidya kwa nyanja amaoneka ngati ayandikira, moti munthu n'kuganiza kuti atapalasa bwato m'mawa angafikeko dzuwa lisanapendeke. Ndimakonda kuima pakati pa mathandala a usipa n'kumawayang'ana. Anyamata obwera kokoka chilimira amati kumeneko ndi ku Tanzania, ndipo sakunama. Koma agogo anga aamuna, amene adatisiya ine ndili mnyamata wa kupulayimale, sankatero. Iwo akaloza mapiri amenewo ndi ndodo yawo ankati "kwa Jeremani", ngakhale kuti Mjeremaniyo adali atasamukako zaka zoposa makumi anayi m'mbuyomo.

Wandikumbutsa zimenezi ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene adanyamuka chaka chatha kukaphunzira unamwino ku Germany. Tsiku lotsanzikana naye, abale atasonkhana pakhonde, ine monga mkulu wa pakhomo ndidaimirira n'kulengeza kuti mwana wathu akupita ku "Fraibagi". Anthu adaomba m'manja. Atabalalika, mwanayo adadza nagwada pambali pa mpando wanga, nati motsitsa mawu, "Agogo, kumene mwatchulako ndi kuti? Chifukwatu kuli Freiburg, kulinso Freiberg." Adandifotokozera kuti woyambayo ali kumwera chakumadzulo kwa dzikolo, kufupi ndi malire a France ndi Switzerland, pamene winayo ali kum'mawa, m'chigawo cha Saxony, ndipo pakati pawo pali mtunda woposa makilomita 500. Ndiye kuti wolakwitsa dzina pogula tikiti angasochere ulendo wonga wochoka ku Karonga kukafika ku Lilongwe. Mawu akuti Burg amatanthauza linga, pamene Berg ndi phiri. Mjeremani amawasiyanitsa bwino lomwe, wina amamveka u, wina amamveka e. Mngerezi ndiye amawaphatikiza onse awiri n'kuwatchula mofanana, ndipo ine ndidatengera kwa Mngereziyo.

Ndidaseka, koma m'kati mudandiwawa, pakuti aka sikadali koyamba kukonzedwa pa nkhani yomweyi.

Ndidagwira choko zaka zoposa makumi atatu, ndipo phunziro limene ndinkalikonda koposa lidali la mbiri yakale. Mabuku amene tidaphunziramo, amenenso tidaphunzitsiramo, adalembedwa ndi Angerezi kapena ndi anthu ophunzitsidwa ndi Angerezi. Choncho dzina lililonse lachilendo linkatipeza litadzera kale m'kamwa mwa Mngerezi, ife n'kulipotozanso kachiwiri monga mwa lilime lathu. Madzi odutsa m'mitsuko iwiri yosatsuka simungayembekezere kuti akafike pamlomo ali mbee.

Komatu mayina a Chijeremani si a kutali kwa ife a ku Karonga. Adali pamphuno pathu penipeni. M'chaka cha 1893 Hermann von Wissmann adamanga boma m'mphepete mwa nyanja yomweyi, kutsidya chakumpoto, pamalo amene eni ake amati Lumbila, nalitcha Langenburg potsata dzina la kalonga wina amene ankatsogolera bungwe la atsamunda kwawo. Madzi a nyanja atakwera n'kuyamba kumiza malowo, cha m'ma 1900 bomalo lidasamukira kumapiri ndipo lidatchedwa Neu Langenburg, ndiko kuti Langenburg Watsopano. Kumwera kwake kudali doko la Wiedhafen, limene ndi Manda, ndi la Sphinxhafen, limene ndi Liuli. Mawu akuti Hafen ndiwo doko. Amishoni nawo sadatsalire. A mpingo wa Moravian, ochokera ku mudzi wa Herrnhut, adakhazikika ku Rungwe m'chaka cha 1891, ndipo chaka chomwecho a mishoni ya ku Berlin adayamba ntchito yawo pamalo amene adawatcha Wangemannshöhe. Dzina lotsirizali sindidayeserepo kulitchula pamaso pa ophunzira. Ndinkangolilemba pabolodi n'kudutsapo msanga ngati munthu wopewa minga.

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, imene akuluakulu athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, idafika mpaka pakhomo pathu pomwe pano. Mu Ogasiti 1914, patangopita masiku ochepa chiilengezereni ku Ulaya, sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, idawoloka nyanja n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, imene idali pamtunda ku Sphinxhafen ikukonzedwa. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho gulu lankhondo la Ajeremani, litawoloka Songwe, lidathira nkhondo boma la Karonga ndipo lidabwezedwa. Amene mudafikako kumanda a asilikali ku Karonga mudaona kuti Angerezi ndi Ajeremani adagona malo amodzi, aliyense ndi dzina lake pamwala. Mu Meyi 1916 asilikali a General Northey adawoloka malire kulowa m'dziko la Ajeremani nalanda Neu Langenburg. Katundu wawo yense, chakudya, zipolopolo, mahema, adayenda pamitu ya anthu, ndipo olemba mbiri amati amuna a m'Nyasaland pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya umtengatenga m'nkhondo imeneyo.

Agogo anga adali mmodzi wa iwo. Nkhani yawo idali imodzi yokha, ndipo ankaibwereza usiku uliwonse wa mwezi wa June pamene kazizi wayamba: kuti adasenza bokosi lolemera kuchoka ku Karonga, nakwera nalo mapiri mpaka ku Tukuyu, kumene mvula siikata ndipo kuzizira kudapha anzawo awiri a m'mudzi umodzi, anthu ozolowera kutentha kwa kunyanja amene adapita opanda ndi gombeza lomwe. Ife ana tinkaimva ngati nthano. Nditakula n'kukhala mphunzitsi, ndinkaima patsogolo pa kalasi n'kumanena kuti Northey adalanda "Nyu Langenibagi", pakuti mabuku athu ankalemba kuti New Langenburg. Ana ankalemba, ine n'kuchonga. M'maganizo mwanga malowo adali kutali, kwinakwake m'kati mwa Tanganyika. Musandiseke, awerengi anga, koma zoona zake n'zakuti kwa zaka zambiri sindidadziwe kuti Langenburg wa m'buku ndi Tukuyu wa agogo ndi malo amodzi.

Adanditsegula maso ndi mlendo. Mukumbuka kuti m'chaka cha 1991 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America lidapeza chibwano cha munthu wakalekale ku Uraha, kumwera kwa boma lathu lino, ndipo ntchito yofukula mafupa idapitirira mpaka nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga idatsegulidwa mu 2004. M'zaka zimenezo achinyamata a ku Germany ankabwera kawirikawiri kudzathandiza ntchitoyo. Tsiku lina mmodzi wa iwo adaima pamsewu kuno ku Ngara kugula nsomba, ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti kunonso kuli anthu owerenga, ndidayamba kumuuza za mbiri ya anthu a kwawo panyanja pano. Ndidatchula "Nyu Langenibagi", ndidatchula "Widihaveni". Mnyamatayo adangondiyang'ana, akumwetulira mwa munthu amene sakumva koma akuopa kukhumudwitsa mkulu. Ndidatola kamtengo n'kulemba mayinawo pansi. Pomwepo nkhope yake idawala. Adawerenga loyamba, ndipo chimene ndidamva chidali "Noi Lang'enburk". Lachiwiri lidamveka "Viit-haafen". Kenaka adawonjezera, ngati kanthu kodziwika kwa aliyense, kuti adadutsako pa basi pochokera ku Mbeya, ndipo masiku ano amati Tukuyu.

Ndidakhala chete. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka tsiku limenelo kadandimeta ndi khungu lomwe. Ana mazanamazana adadutsa m'manja mwanga, ambiri a iwo zidzukulu za amtengatenga ngati ine, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndidamuuza kuti tsamba limene akuloweza likunena za ulendo wa agogo ake.

Tidakhala pamthunzi wa mtengo wa mango mpaka nsomba zake zidayamba kuitana ntchentche, iye akutchula, ine ndikutsatira. Ndipo apa ndi pamene ndidapeza chinthu chimene chidandidabwitsa ndipo chimandikondweretsabe: pa mayina ambiri a Chijeremani, munthu wowerenga Chichewa ali pafupi ndi choona kuposa Mngerezi, malinga aiwale Chingerezi chake pang'ono.

Tiyambe ndi ng wa m'kati mwa Langenburg. Si ng wa mu Ngara kapena Karonga ayi. Ndi ng' wa mu ng'ombe, ng'oma ndi Mwirang'ombe, liwu limene mwana aliyense wa kuno amalitchula asanayambe sukulu. Chilembo cha z ndi ts wathu wa mu tsiku ndi tsoka, motero Mainz ndi "Maints", ndipo pakati pa Leipzig pamamveka ts. Liwu la pf, limene limam'punthwitsa Mngerezi pa dzina ngati Pforzheim, aliyense amene adawerengapo mabuku akale a Chinyanja adakumana nalo m'mawu ngati pfuko ndi pfumbi. Koposa zonsezi ndi zilembo za liwu. Kwa Mjeremani a ndi a, u ndi u, o ndi o, monga momwe ziliri kwa ife, kungoti iye amasiyanitsa lalitali ndi lalifupi. Mtsinje wa Main, umene umapatsa dzina mzinda wa Frankfurt am Main, mukauwerenga Chichewachewa mwalondola. Mukauwerenga Chingerezi mwaphonya. Hamburg ali ndi a wa mu phala ndi u wa mu ufa.

Zotsalazo n'zongoloweza, ndipo sizichuluka. W amamveka v, n'chifukwa chake Wissmann ndi "Visman". V nthawi zambiri amamveka f, choncho von ndi "fon", ndipo mzinda wa Hannover, umene udapalana ubale ndi Blantyre m'chaka cha 1968, uli ndi f chakumapeto. J ndi y. Sch ndi sh, ndipo st kapena sp kumayambiriro kwa dzina amamveka sht ndi shp, monga mu Stuttgart. Eu ndi oi. Zimene zimasokoneza ambiri ndi ei ndi ie: ei ndi ai, pamene ie ndi i wautali. Mnyamata uja adandiseketsa ponena kuti munthu akalakwitsa Wien, likulu la Austria limene Angerezi amati Vienna, n'kulitchula ndi ai, ndiye kuti waitanitsa vinyo, pakuti Wein ndi vinyo.

Koma ndisakunamizeni kuti lilime lathu lilibe pogwera. Ife sitikonda kusiya mawu akulendewera opanda chilembo cha liwu kumapeto. Buku, sukulu, tebulo, zonsezi tidaziveka mchira. Ndiye Frankfurt m'kamwa mwathu amafuna kukhala "Fulankifuti", ndipo pamafunika kudziletsa kuti udule mawu pamene mwini wake wadulira. Palinso vuto lathu lakale la l ndi r, amene kwa ife ndi mapasa ovala malaya amodzi pamene kwa eni ake ndi anthu awiri osiyana. Ndiye pali ü ndi ö, zilembo za timadontho tiwiri pamutu. Malangizo ake ndi osavuta kunena: tchulani i, ndipo lilime lili pomwepo songolani milomo ngati mukunena u, mwapeza ü wa mu München. Tchulani e n'kusongola milomo ngati mukunena o, mwapeza ö wa mu Köln. Kuchita kwake ndiye kwina. Ndayesera zaka zonsezi, ndipo tsopano mano akutsogolo atandithawa ndimangotulutsa kamluzu kamene kamadzidzimutsa nkhuku. Ch wawo nayenso si ch wathu wa mu chala. Ndi mpweya wokhula kukhosi kapena kumwamba kwa kamwa, malinga ndi chilembo chimene chatsogola.

Wina afunsa kuti, kodi aphunzitsi, zonsezi n'zofunikiranji? Kodi munthu wonena kuti Munich kapena Cologne walakwa? Ine ndikuti sadalakwe. Mtundu uliwonse uli ndi mayina ake a malo a kutali amene udawaweta mpaka adakhala a pakhomo. Makolo athu ankapita ku Joni ndi ku Halale, ndipo ufumu umene unkatilamula tinkati ndi wa ku Mangalande. Palibe adaimbidwa mlandu. Mngerezi akamacheza ndi Mngerezi mnzake anene Munich mmene afunira, ndi chiyankhulo chake. Cholakwa ndi kuiwala kuti limenelo ndi dzina la kunyumba, n'kumaganiza kuti ndilo lenileni. Pa siteshoni ya sitima ku Germany chikwangwani sichinena Munich kapena Cologne. Chimanena München ndi Köln, ndipo mlendo wodalira dzina la Mngerezi adzaima pomwepo sitima yake ikunyamuka. Safunsa adadya phula.

Anansi athu a kutsidya kwa Songwe adamva Chijeremani kuchokera m'kamwa mwa eni ake, ndipo chiyankhulo chawo chikuchitira umboni. M'Chiswahili chakale Ajeremani ankatchedwa Wadachi, kuchokera ku Deutsch, dzina limene iwo amadzitcha okha. Ife tidati Ajeremani potengera Mngerezi. Iwo amati shule, kuchokera ku Schule, pamene ife timati sukulu. Ndalama amati hela, kukumbukira kakobiri ka Heller ka nthawi imeneyo. Mtsinje umodzi wochepa udagawa makutu a anthu apachibale, ena n'kumamvera Berlin, ena London.

Ndipo mtsinje umenewo udasanduka malire chifukwa cha pangano limene dzina lake nalonso lili pawiri. Pa 1 Julayi 1890 Britain ndi Germany adasainirana pangano limene Britain idapereka kachilumba kena ka m'nyanja ya North Sea kwa Germany, Germany n'kusiyira Britain mphamvu pa Zanzibar. Kachilumbako Angerezi amati Heligoland, eni ake amati Helgoland. Pangano lomwelo lidanena kuti malire a dziko la Ajeremani atsate gombe la nyanja yathu mpaka pamathiriro a Songwe, ndipo pamenepa ndi pamene Malawi amaimapo ponena kuti madzi onse a kumpoto kuno ndi ake, pamene Tanzania amati malire adutse pakati pa nyanja. Mkanganowu udabukanso mwamphamvu mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta pansi pa nyanja. Mnyamata wa ku Ngara amene amayatsa nyali usiku pakati pa madzi kuitana usipa, mwina sadamvepo za kachilumba kameneko, koma kuti madzi amene waponyamo khoka ndi a yani, yankho lake lidamangiriridwa ku dzina lake.

Kwathu kuno dzina si chinthu choseweretsa. Mwa Angonde ndi abale awo Anyakyusa, mkazi wokwatiwa sankatchula dzina la apongozi ake aamuna, ngakhale mawu ofanana nalo ankawazemba n'kufuna ena. Mwa Achewa, mkulu sumuitana ndi dzina la ubwana wake, umati a Phiri, a Banda, Nankhoma, Nambewe. Ine ndemwe ndidalawa kuwawa kwa dzina lopotozedwa pamene ndinkaphunzitsa ku Chigawo Chapakati. Dzina langa ndi la kuno, loyamba ndi Mwa, lalitali ndithu. Anzanga ena adalidula pakati, ena adangoti "a ku Karonga aja". Sindidadandaule pagulu, koma mpaka lero ndimakumbukira nkhope ya gogo wina wa m'mudzi woyandikana ndi sukulu amene adandikhazika pansi, nandiuza kuti ndilitchule pang'onopang'ono katatu, mpaka adaligwira lonse. Sadandipatse kanthu tsiku limenelo, koma ndidachoka pakhomo pake ndikumva kuti ndalandiridwa.

Tsono pali funso limene lidandivuta kwa nthawi yaitali. Ngati ulemu uli potchula dzina monga atchulira eni, nanga mwini wa phiri lija la kutsidya ndani? Neu Langenburg lidali dzina la mlendo wobwera ndi mfuti, loikidwa pamwamba pa dzina limene lidalipo kale, monga momwe Angerezi adaikira Deep Bay pa Chilumba, Florence Bay pa Chitimba ndi Fort Hill pa Chitipa. Kodi n'koyenera kuti ine nditopetse lilime langa kuphunzira kutchula bwino dzina lolanda malo? Pamene ndafika ndi apa. Freiburg ndi kwawo kwa Ajeremani, ndipo kumeneko mdzukulu wanga ndi mlendo, ayenera kuphunzira. Tukuyu si kwawo kwa Ajeremani, ndipo kumeneko olakwa adali iwo. Dzina la Neu Langenburg ndimalitchula molondola pokhapokha ndikamanena mbiri, chifukwa ndimo linkamvekera m'kamwa mwa amene ankalamula pamenepo, koma sindilitchulanso lokha. Ndimati Neu Langenburg, ndiye Tukuyu. Agogo, amene sadalowepo m'kalasi, adali olondola kuyambira pachiyambi, ndipo wophonya adali mdzukulu wawo wa satifiketi.

M'zaka zanga zotsiriza pantchito ndidasintha kaphunzitsidwe ka mutu umenewo. Ndinkayamba ndi kutuma ana kuti akafunse kunyumba ngati padali wina m'banja mwawo amene adasenza katundu pa nkhondo ya Chiwaya, ndi kumene adafika. Ankabwera ndi mayina: Tukuyu, Manda, Songea, Njombe. Tikatero ndiye tinkatsegula buku n'kufunafuna mayina amenewo pansi pa zovala zawo zachilendo.

Mdzukulu uja amaimba lamya Lamlungu lililonse madzulo. Mlungu watha ndidamufunsa ngati anthu a kumeneko amatha kutchula kwawo. Adati Ngara amawavuta, ena amayamba ndi "En", ena amalowetsa a pakati pa n ndi g, ndipo iye amawauza kuti ayambe ngati akung'ung'udza nyimbo, kenaka atsegule pakamwa. Karonga savuta kwenikweni akangowauza kuti g amveke. Koma adati chimene chidamudabwitsa ndi dzina la dziko lathu. Poti w wawo ndi v, iwo amati "Malavi". Poyamba ankawakonza, mpaka adakumbukira kuti mayi ake aakulu, amene amayankhula Chitumbuka chenicheni, akamatchula dzinalo milomo imayandikana osagundana, liwu lija limene tinkalilemba ndi kadenga pamwamba, Malaŵi, limene ana a masiku ano adalitaya n'kumangoti w wa Mngerezi. Adati tsopano sadziwa ngati awakonze kapena awasiye. Ndidamuuza kuti ayambe wawasiya, ndipo anditchulirenso München kawiri, pang'onopang'ono, ndisanapereke lamya kwa agogo ake aakazi.